Ulendo wa ku Senga Bay: nsungwi, nkhata ndi mbiri ya zigoba za nautilus

Ife aphunzitsi 14 a sayansi ndi jogalafe ochokera m'sukulu zingapo za sekondale ku Nkhotakota tinapita kukacheza ndi anzathu a ku Salima Loweruka lina la mwezi wa Okutobala. Tinanyamuka pa boma 5 koloko m'mawa, kutsata msewu wa M5 kudutsa pa Chia, Benga ndi Khombedza, kukhotera pa Kaphatenga, kenako kulunjika ku Senga Bay. Mwezi umenewu tinausankha dala chifukwa mwera umakhala utatha, ndipo ntchito ina inafunika nyanja yabata.

Vuto limene linatitengera kumeneko ndi lodziwika kwa aliyense wophunzitsa mutu wa kusintha kwa zamoyo. Buku limangoti zotsalira za zamoyo zakale zimene zinasanduka miyala ndi umboni, koma ana athu ambiri sanagwirepo ngakhale chimodzi. Anzathu a ku Salima ali ndi bokosi la zipangizo limene amabwerekana, ndipo mmodzi wa iwo, mayi amene anaphunzira za miyala ku yunivesite, anakonza njira yophunzitsira mutuwu pogwiritsa ntchito banja limodzi lokha la nyama: ma nautiloid, abale a octopus ndi squid amene amakhala m'chigoba.

Nyama zimenezi ndi za m'nyanja zamchere zokha. M'nyanja yathu sizinakhalemo, ndipo miyala ya m'mapiri a Senga ndi ya mtundu umene unapsa ndi kusungunuka pansi pa nthaka kalekale, moti mulibe chigoba chilichonse. Zonse zimene tinagwira ndi zochokera kunja: chigoba chakale cha nautilus, nautiloid imene ikadalipo lero, chochekedwa pakati, mwala wakuda wosalala wa ku Erfoud ku Morocco, ndi ammonite imodzi ya ku Madagascar, m'bale wa nautilus amene anatha kalekale. Zina tinaziona pa zithunzi.

Tinayambira pa mchenga, kutola zigoba zouma za nkhono. Zambiri zinali za Lanistes nyassanus, nkhono yaikulu ya chigoba chokhuthala imene imaoneka ngati yazungulirira kumanzere, ndi tina titalititali ta Melanoides. Mayi aja anacheka chimodzi ndi sowo yachitsulo n'kuchiika pambali pa cha nautilus. Kusiyana kwake sikufuna kufotokoza. Cha nkhono ndi mphako imodzi kuchokera kukamwa mpaka kunsonga, ndipo chimazungulira chikukwera. Cha nautilus chimazungulira chafulati ngati nkhata, mbali zonse ziwiri zofanana, ndipo m'kati mwake ndi mogawidwa ndi zipupa. Chathucho tinawerenga zipinda 31. Nyama imakhala m'chipinda chomaliza chokha, chachikulucho. Pakati pa chipupa chilichonse pali kabowo kokhala ndi kakhosi koloza kumbuyo, ndipo pamenepo pamadutsa mtsempha wamoyo wotchedwa siphuncle, umene ife tinangoutcha mpopi.

Ntchito ya mpopi ndiyo mutu wa nkhani yonse, ndipo ambiri timaiphunzitsa molakwa. Nyama ikakula imasunthira kutsogolo n'kumanga chipupa chatsopano kumbuyo kwake. Chipinda chatsopanocho chimayamba chodzaza madzi, amene amachirikiza chipupa chikadali chanthete. Chipupa chikakhwima, mpopi umachotsa mchere m'madziwo kuulowetsa cha ku magazi, madzi n'kutsatira mchere, monga amachitira m'kabowo ka mbatata ya kachewere ukathiramo mchere. Malo otsalawo mumalowa mpweya pang'onopang'ono kuchokera m'thupi. Zimenezi anazifotokoza bwino Eric Denton ndi John Gilpin-Brown mu 1966. Mfundo ziwiri ndi zofunika kuzigwira. Yoyamba, ntchitoyi ndi yochedwa, moti nautilus siikwera kapena kutsika popopa madzi m'zipinda ayi. Zipinda zimangoichititsa kuti isalemere kapena kupepuka kuposa madzi, ndipo imayenda pofwaphula madzi kudzera m'kafanulo ka pansi pa mutu. Yachiwiri, mpweya wa m'zipinda si wopopedwa ngati wa m'tayala. Mphamvu yake siifika ngakhale pa ya mpweya umene tikupumawu, choncho kulemera konse kwa madzi akunja kumasenzedwa ndi chigoba chokha. Mamita 10 aliwonse otsika pansi pa madzi amawonjezera pafupifupi kilogalamu imodzi pa kadera ka sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi, ndipo chigoba cha nautilus chimaphwanyika cha pa mamita 800. Nyanja yathu pozama kwambiri ndi mamita pafupifupi 700. Ana akamva zimenezi amamvetsa chifukwa chimene zipupa zilili zokhota ngati mbale m'malo mokhala zafulati.

Kenaka tinatambasula chingwe cha mamita 50 pa mchenga, mita imodzi kuimira zaka 10 miliyoni. Kumapeto kumodzi ndi lero. Mtundu wathu wa anthu umatenga masentimita 3 okha. Nyanja ya Malawi siikwanitsa mita. Malawisaurus, dinosaur wa ku Karonga, ali pakati pa mamita 10 ndi 14. Koma kuti tiike chizindikiro cha nautiloid yoyamba tinayenda mpaka pa mamita 49.

Pamenepo pali Plectronoceras, ya ku China, ya kumapeto kwa nyengo ya mbiri ya dziko yotchedwa Cambrian. Chigoba chake n'chachifupi kuposa chala chaching'ono, chokhota pang'ono ngati kanyanga ka mbuzi, zipupa zothinana, mpopi uli m'mphepete. Kanthu konyozeka, koma zonse zofunika zilimo kale: chipinda chokhalamo, zipinda za mpweya, ndi mpopi. Banja la Ellesmerocerida, la zigoba zing'onozing'ono zonga chimenechi, ndilo linapulumuka kutha kwa Cambrian n'kukhala tsinde la zotsatira.

Pa chingwe, gawo limene tinachedwapo kwambiri ndi la pakati pa mamita 48.5 ndi 44.4, nyengo ya Ordovician. Ambiri tinabwera ndi chithunzi cha makwerero m'mutu: poyamba zowongoka, kenako zokhota, pamapeto zozungulira. Chingwe chinatitsutsa. Pafupifupi maonekedwe onse akupezeka m'mamita anayi amenewa, nthawi imodzi, m'nyanja zomwezo. Pali zowongoka zosongoka ngati mono, za banja la Orthocerida, mpopi wake wopyapyala uli chapakati. Pali Endocerida, zimphona za nthawiyo, mpopi wake wotakata mpaka kufika theka la kukula kwa chigoba, wodzaza ndi timafanulo ta laimu tolowetsana tokhatokha. Chidutswa cha Endoceras chopitirira mamita 3 chinapezeka ku America, ndipo powerengetsa chathunthu chinkayandikira mamita 6. Pali Actinocerida, zimene mpopi wake ndi wotupa pakati pa zipupa ngati mkanda wa mikanda. Pali zazifupi zonenepa ngati nsupa, za mabanja a Oncocerida ndi Discosorida, zimene zina zikakula zinkachepetsa khomo la chigoba mpaka kungotsala kampata kotulutsira maso, miyendo ndi kafanulo. Phragmoceras ya pa chilumba cha Gotland ku Sweden, ya m'nyengo yotsatira ya Silurian, ndiyo imaonetsa bwino zimenezi. Ndipo zozungulira ngati bongololo wodzipinda, banja la Tarphycerida, zilipo kale kumayambiriro kwa Ordovician, mamita awiri osakwana kuchokera pa Plectronoceras.

Ziwiri zinatidabwitsa kuposa zonse. Lituites imayamba yozungulira ili yaing'ono, kenako n'kuwongoka moyo wake wonse, ngati ndodo ya abishopu. Ascocerida zinkayamba zazitali zopyapyala, zikakula n'kudula mbali yakaleyo kuitaya, n'kutsala ndi chigoba chonga dzira chimene zipinda za mpweya zili pamwamba pa msana wa nyama. Mmodzi wa ife anafunsa kuti, "Mayi, nanga maonekedwe ambirimbiriwa ankafunanji?" Iwo anati, "Aphunzitsi, yankho lili m'madzi, tiyeni ku mgolo."

Chiyeso choyamba chimafuna nsungwi youma ya masentimita 60 m'litali ndi 4 m'mimba mwake, yodulidwa kuti kunsonga kuthere pa mfundo, zipinda ziwiri zikhale zotseka, chachitatu chikhale chotsegula. Mfundo za nsungwi ndizo zipupa, zipinda zotseka ndizo za mpweya, chotsegulacho ndicho mokhala nyama. Yathu pa sikelo inalemera magalamu 230. M'chipinda chotsegula tinashindiramo dongo lonyowa n'kumanga kansalu pakamwa ndi malegeni. Itaikidwa mu mgolo wa malita 200 inapendekeka, gawo lalikulu lili kunja kwa madzi, chifukwa dongo lokha ndi lopepuka kwa nsungwi ya mpweya wochuluka choncho. Tinalasa m'dongomo misomali ya mainchesi 4, umodziumodzi, ndipo itakwana 22 nsungwi inaima chilili, nsonga yokha ikusuzumira pamwamba. Ukaigoneka ndi dzanja n'kuisiya, imadzuka yokha. Umu ndi mmene chigoba chowongoka chimakhalira ngati palibe china chochiletsa: mpweya m'mwamba, nyama mutu pansi.

Zolakwika zake n'zodziwika ndipo n'zopeweka. Nsungwi yaiwisi ndi yolemera ndipo imamira isanalandire misomali yokwanira kuti iime. Youmitsitsa padzuwa imang'aluka, madzi n'kulowa, ndipo pakatha mphindi zochepa zotsatira zimasintha. Muiviike kaye, mukaona thovu likutuluka tsekani mng'aluwo ndi phula la kandulo. Yofumbwa itayeni. Dongo losamangidwa ndi nsalu limasungunuka n'kugwetsa misomali.

Kuti igone chopingasa pafunika cholemera kunsonga. Apa mgolo unatikanika, chifukwa pakamwa pake ndi masentimita osakwana 60, choncho tinakwera bwato la bambo wina wa pa dokopo n'kupita pamadzi oyera, kutali ndi mabango, poopa likodzo. Tinachotsa misomali theka m'dongo n'kuimangirira kunsonga, ndipo nsungwi inagona. Koma taonani chimene tinachita: tinasamutsa kulemera kwa nyama kukakuika kumbuyo, zimene nyama singachite. Titabwezera misomali yonse m'dongo n'kumangirira ina yatsopano kunsonga, nsungwi inamira, mwayi tinaimanga ku chingwe. Nyama zakalezo zinkaikadi laimu kunsonga, Endocerida mu mpopi, Orthocerida zambiri m'zipinda zakale zenizenizo, koma laimu aliyense wowonjezera amafuna mpweya wowonjezera womunyamula, ndiye kuti chigoba chitalike, ndipo chikatalika chimafunanso laimu wina. Ndi ngongole yobweza ndi ngongole inzake. N'chifukwa chake akatswiri ambiri lero amaona kuti zowongoka zambiri zinkakhala chilili kapena chopendekeka, osati chogona ngati mmene zithunzi zakale zimaonetsera. Mu 2021 David Peterman ndi Kathleen Ritterbush a pa yunivesite ya Utah anayesa zifanizo za zigoba zotere m'dziwe losambiramo, n'kupeza kuti n'zovuta kuzigoneka koma zimathamanga kwambiri pothawira m'mwamba.

Bambo a bwato aja ankangoonerera, kenako anati, "Aphunzitsi, zimenezi n'za ukonde. Zoyandama kumwamba, miyala kunsi. Mukazitalikitsa ukonde umaima, mukaziphatikiza umagubuduzika." Mawu amenewa ndi ofunika kuwatengera m'kalasi momwemo, chifukwa mwana wa kunyanja amawadziwa kale.

Chiyeso chachiwiri chimafuna payipi yofewa yoonekera m'kati, ya mita imodzi ndi theka, yotakata masentimita 2.5. Tsekani mbali imodzi ndi chitsekerero cha mtengo ndi phula. Kankhirani chitsekerero china m'kati mpaka masentimita 40 kuchokera kukamwa, chothina bwino. M'masentimita 40 amenewo thirani mchenga wonyowa wosakaniza ndi manati akale mpaka chonse chitatsala pang'ono kumira. Pindani ngati nkhata, mbali yotseka ili m'kati, n'kumanga ndi malegeni malo atatu. Payipi yozizira imathyoka m'malo mopindika, choncho iyambe yagona padzuwa. M'madzi nkhatayo imaima ngati tayala, mchenga kunsi, mpweya kumwamba, kukamwa kukuloza kutsogolo. Ukaikankha imagwedera n'kubwerera. Palibe cholemera chowonjezera chimene chafunika. Kupinda kokha kwaika mpweya pamwamba pa thupi, ndipo chinthu cha mita ndi theka chakwana m'beseni, chotha kutembenukira mbali iliyonse pamalo pomwepo. Nsungwi ija kuti itembenuke imakoka mchira wonse.

Gulu lina linamwaza manati omwewo m'bwalo lonse lakunja la nkhata m'malo mowaunjika pa theka. Yawo inkangozungulira osadziwa kumwamba ndi kunsi. Chimenechi si cholakwika chongotaya: nautilus ili ndi chipinda chokhalamo chachifupi, chosafika theka la bwalo, n'chifukwa chake ndi yokhazikika kwambiri, pamene ma ammonite ambiri anali ndi chipinda chachitali ndipo sankakhazikika chimodzimodzi.

Titadya nsima ya chambo tinabwerera ku chingwe. Kuchokera pa mamita 44.4 kubwera kuno, nkhani ndi ya kusadzula. Kumapeto kwa Ordovician kunazizira, madzi oundana anakuta mbali ya dziko lalikulu la Gondwana, limene Africa inali pakati pake, ndipo nyanja zosazama zinaphwa. Endocerida sizinadzukenso. Mwala wa Soom wa m'mapiri a Cederberg ku South Africa, wa nthawi yomweyo, uli ndi zowongoka zosungika bwino mpaka timano take. Mu Silurian zowongoka ndi zonga nsupa zinachulukanso. Mwala wathu wakuda wa ku Morocco ndi wa m'miyala ya Silurian ndi Devonian, mmene zigoba zowongoka zinaunjikana ngati nkhuni.

Mwala umenewu uli ndi misampha yake. Ogulitsa amautcha Orthoceras, koma dzinali kwenikweni ndi la mtundu wa Ordovician wa ku mayiko a m'mbali mwa nyanja ya Baltic, ndipo za ku Morocco ndi mitundu ina ya banja lomwelo. Chimene mukuona pamwamba ndi chigoba chopalidwa ndi makina, choncho maonekedwe ake akudalira mmene chinadulidwira. Chodulidwa mopendekeka chimaoneka chachifupi chonenepa, ndipo mpopi umaoneka pang'ono n'kusowa. Poyeza kusongoka kwa chigoba sankhani chokhacho chimene mpopi ukuoneka kuyambira kumutu mpaka kunsonga. Dontho la viniga pa ngodya yosapalidwa limachita thovu pang'ono, kutsimikiza kuti ndi mwala wa laimu. Pamalo osalala musadonthezepo, amaguga.

Nyengo ya Devonian, kuyambira pa mamita 41.9 mpaka 35.9, ndiyo inasintha zinthu kwambiri. Nsomba za nsagwada zinachuluka ndi kukula, zina ngati Dunkleosteus zotha kuphwanya chigoba. Chigoba chachitali chili ndi poluma pambiri, ndipo nsonga ikathyoka mpaka mpopi, madzi amalowa nyama n'kumira. Chozungulira chimabisa zipinda zakale zanthete m'kati, bwalo lililonse likuchirikiza linzake. M'nyengo imeneyi kuzungulira kunayambanso mwatsopano, kawiri. Kuchokera ku zowongoka kunatuluka tina topyapyala totchedwa Bactritida, ndipo kuchokera ku timeneti kunatuluka ma ammonoid, gulu la ma ammonite, amene m'miyala amaoneka akupindika pang'onopang'ono mpaka kuthinana. Pambali pake panatuluka banja la Nautilida, kumene nautilus ya lero ikuchokera. Tarphycerida zija zinazungulira poyamba sizinapitirire Devonian. Choncho nkhata ya nautilus si mapeto a makwerero amodzi. Ndi yankho limene mabanja osiyana anafikapo paokha chifukwa vuto linali limodzi.

Zowongoka sizinathe tsiku limodzi. Zinkacheperachepera mu Carboniferous ndi Permian, zinapyola ngakhale chiwonongeko chachikulu cha pa mamita 25.2, n'kukafika kumapeto kwa Triassic. Kuwerenga pa chingwe, maonekedwe amenewa anakhala mamita opitirira 25. Chinthu chokhalitsa choncho sitingachitche cholephera, ndipo n'kulakwa kuuza ana kuti chinali chosakhwima.

Nautilida za Carboniferous, Permian ndi Triassic sizinali zosalala zonse ngati ya lero. Zambiri zinali ndi mchombo wotakata, mabwalo onse akuoneka, zina za nthiti, zina za zotupa m'mapewa, zina za mbali zinayi ukazidula. Cooperoceras ya Permian ya ku Texas inali ndi minga italiitali. Pa mamita 20.1, kutha kwa Triassic, pafupifupi zonsezi zinafafanizika, ndipo za Jurassic zinaphukira pa mtundu wa Cenoceras. Kuchokera pamenepo chigoba chofala ndi chothinana, bwalo lomaliza likuphimba am'kati, mchombo waung'ono, kunja kosalala kapena kwa nthiti zochepa ngati Cymatoceras ya Cretaceous. Chigoba chotere chimang'amba madzi bwino kuposa chaminga. Eutrephoceras, yobulungira ngati mpira, ukaiika pambali pa ya lero ungaganize kuti ndi pachibale chapafupi.

Apa tinatulutsa ammonite ya ku Madagascar kuti tiphunzire kusiyanitsa, popeza kunja zimafanana. Yang'anani mzere umene chipupa chimakumana ndi khoma la chigoba. Pa nautiloid ndi wowongoka kapena wokhota pang'ono. Pa ammonite ndi wopotanapotana ngati tsamba la karoti. Yang'ananinso mpopi: pa nautilus uli chapakati pa chipupa, pa ammonite ndi wopyapyala ndipo uli m'mphepete mwakunja. Lamuloli lili ndi zolithawa. Aturia, nautiloid imene inafalikira dziko lonse ma ammonite atatha ndipo inakhalapo mpaka chakumapeto kwa Miocene, inali yopyapyala, mzere wake wokhota kwambiri, mpopi uli cham'kati.

Pa mamita 6.6 mwala waukulu wochokera kumwamba unagwa ku Chicxulub ku Mexico. Ma ammonite, a mitundu yochuluka kwambiri, anatha onse. Ma nautilid, a banja lija la Nautilida, anatsala. Chifukwa chimene akatswiri ambiri amapereka chimawerengeka pa chigoba chomwecho, pakatikati pake. Ammonite inkaswa ili pafupifupi milimita imodzi ndipo inkayandama pamwamba pamodzi ndi tizamoyo ting'onoting'ono timene tinafa dzuwa litaphimbika. Nautilus imaikira mazira ochepa akuluakulu, amene amatenga pafupifupi chaka kuti aswe, ndipo mwana amatuluka ali kale masentimita 2.5 mpaka 3, wotha kudya zakufa pansi pa nyanja. Pa chigoba chathu chochekedwa tinaona malo amene zipupa zoyamba zimathinana mwadzidzidzi, chizindikiro cha nthawi yoswa.

Ntchito yomaliza inali ya rula. Kuchokera pakatikati pa chigoba jambulani mzere wolunjika kunja pa pepala loonekera, yezani mtunda kufika pa khoma la bwalo lakunja, kenako kufika pa khoma la bwalo lotsatira m'kati pa mzere womwewo, n'kugawa. Ife tinapeza mamilimita 93 ndi 31, ndiye kuti 3. Pa mizere ina yankho linali pafupi pomwepo. Chigoba chimakula katatu pa bwalo lililonse osasintha maonekedwe, n'chifukwa chake nyama imakhala yokhazikika mofanana ili yaing'ono ndi itakula. Muyeso umenewu ndi umodzi mwa imene David Raup anagwiritsa ntchito m'ma 1960 poyerekeza zigoba zozungulira zonse ndi manambala. Pa Facebook pamayenda zithunzi zonena kuti nautilus imatsata muyeso wotchuka wa masamu wotchedwa golden ratio. Zikanakhala zoona yankho likanayandikira 7. Cholakwika chofala poyeza ndi kuphonya pakatikati penipeni, chifukwa milimita imodzi yokha imasokoneza muyeso wam'kati kwambiri. Yezani mizere itatu ndipo mutenge chapakati. Pa ammonite yathu tinapeza pafupi ndi 2.

Lero kwatsala mitundu ikuluikulu iwiri yokha ya banja lonseli, Nautilus ndi Allonautilus, m'mphepete mwa matanthwe ozama a ku Philippines, Indonesia, Papua New Guinea, Palau, Fiji ndi Australia. Ili ndi timiyendo tofika 90 topanda zomatira, ndi diso lopanda galasi, kabowo chabe. Imatenga zaka zoposa 10 kuti iyambe kuswana, choncho ikagwidwa mochuluka chifukwa cha chigoba chake siibwerera msanga. Msonkhano wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zakutchire, wa ku Johannesburg mu 2016 unaiika pa mndandanda wachiwiri wa zamoyo zimene malonda ake ayenera kukhala ndi chilolezo. Tinagwirizana kuti sukulu zathu zisagule chigoba chatsopano. Chimodzi chakalecho n'chokwanira, ndipo chithunzi chake chosindikizidwa pa kukula kwake kwenikweni, rula ili pambali, chimagwira ntchito yoyeza chimodzimodzi.

Pokambirana madzulo panali kusiyana maganizo pa mawu akuti nautilus ndi nyama yosasintha kuyambira kalekale. Ena anati amakopa ana. Ine ndili ku mbali ya amene anawakana, chifukwa chingwe chikusonyeza zina: chimene chakhalitsa mamita 49 ndi zipinda ndi mpopi, pamene chigoba chosalala chothinana ndi nthambi imodzi yotsala pa mtengo umene unali ndi nthambi zambiri, ndipo mitundu ya lero ndi yaposachedwa. Mwana akaloweza kuti siinasinthe, Lituites ndi Endoceras aziika pati?

Nthawi ya phunziro limodzi siikwana zonsezi. Anzathu amazigawa patatu: chingwe ndi zithunzi tsiku loyamba, mgolo tsiku lachiwiri, rula tsiku lachitatu. Sukulu za kutali ndi nyanja zidule nsungwi ya masentimita 45 kuti igone mu mgolo, ndipo misomali ichepe molingana; madzi akhale a pa mjigo. Zigoba za nkhono zotola kunyanja zikhale zouma zopanda nyama, ziwiritsidwe mphindi 10 ana asanazigwire, ndipo wocheka avale kansalu kumphuno chifukwa cha fumbi lake. Chigoba cha nautilus chisamachoke pa thireyi yoyalidwa nsalu, popeza zipupa zam'kati n'zopyapyala ngati chikhadabo ndipo ziwiri zinathyoka kale.

Tinanyamuka ku Senga Bay 5 koloko madzulo. Bokosi lija anatibwereka kwa teremu imodzi, ndipo liziyenda sukulu ndi sukulu milungu iwiri iliyonse, ndi kope lolembamo zimene zilimo polandira ndi popereka. Anzathu a ku Salima adzabwera kwathu teremu yamawa. Atipempha kuti tidzakonzeretu nsungwi 10 zoumira pamthunzi, ndi kuyesa kupanga chifanizo cha Ascocerida ndi chikho chaching'ono, chimene iwo anayesa kawiri koma chimatembenuka chifukwa chipinda cha mpweya sichikhala pamwamba penipeni pa dongo.